Nyimbo ikamati tsiku lako likubwera, ikuuza ndani?

Pali mtundu wina wa nyimbo umene sutha, kaya ndi mu rege, mu gospel, mu hip hop, kaya zakale za mtchalitchi zoyimba ndi limba zija, uthenga wake umakhala umodzimodzi: iwe amene ukuchita zoipawe usaone ngati wapulumuka, tsiku lako likubwera, udzathawa koma kobisala sudzakupeza. Nyimbo zotere anthufe timazikonda koopsa. Munthu akakulakwira, kaya chibwenzi chatha moipa, kaya akuchotsa ntchito popanda chifukwa chomveka, umangotenga kolasi ya nyimbo yotere nkuponya pa sitetasi osatchula dzina la munthu, koma aliyense okudziwa amadziwa kuti mawuwo akupita kwa ndani. Ndipo mawa lake amene umamunenayo naye amaika nyimbo yomweyo akuganiza za iweyo. Anthu awiri odana, nyimbo imodzi, aliyense akukhulupilira ndi mtima wonse kuti oyimbayo ali mbali yake.

Nde ine ndikamamvera nyimbo zachiweruzo sindiyambira kufunsa kuti mawuwa akutanthauza chani, chifukwa nthawi zambiri tanthauzo ndi lachidziwikire, choipa chitsata mwini, mlandu suwola, izi tonse timazidziwa. Ndimayamba ndafunsa kuti oyimbayu waima pati. Waima pambali pa oweruza akuwerenga mlandu wa mnzake? Waima pamzere wa oyimbidwa mlandu nayenso akunjenjemera? Kapena ndi munthu oti anapondedwa mpaka alibenso kokadandaula, wangotsala ndi pakamwa pakepo basi? Mawu atha kukhala omwewo ndendende koma malo atatuwa amatulutsa nyimbo zitatu zosiyana, ndipo munthu amene sanafunse funso limeneli nthawi zambiri amangodzipatsa yekha mpando wabwino.

Pali nyimbo ina yakale ya m'matchalitchi a anthu akuda ku America yotchedwa Sinner Man imene imaonetsa zimenezi bwino kwambiri, chifukwa oyimba awiri akuluakulu anaitenga nkupita nayo kosiyana. Mizu yake ili pa Chivumbulutso 6 vesi 15 mpaka 17, pamene mafumu, akuluakulu ankhondo, olemera, akapolo ndi mfulu zomwe akuthawira m'mapanga nkumapempha mapiri ndi matanthwe kuti awagwere awabise ku mkwiyo umene wafika. Oyimba wa ku America Nina Simone anaijambula mu 1965 pa chimbale chake cha Pastel Blues, yotalika mphindi zoposa 10. Mayi ake anali mlaliki wa mpingo wa Methodist, ndiye nyimboyi anaidziwa ali mwana m'misonkhano yachitsitsimutso kumene inkayimbidwa pofuna kuti anthu aulule machimo awo. Imayamba monga momwe mungayembekezere, kumufunsa ochimwayo kuti tsiku limenelo adzathawira kuti. Pamenepo omvera umakhala bwinobwino, ukuonera mnzako akusowa kolowera. Koma pasanathe ndi mphindi imodzi yomwe zinthu zimatembenuka, amene akuthawayo ndi oyimba yemweyo. Ndi iye akupempha thanthwe kuti limubise thanthwe nkukana, ndi iye akufika pamtsinje nkupeza ukutuluka magazi, akufika panyanja nkupeza ikuwira, ndi iye akulira kwa Ambuye nkuuzidwa kuti pita kwa satana, ndipo akupeza satanayo akumudikira kale. Piyano ija siima, imangothamanga osapuma, pakati pali malo amene zoyimbira zambiri zimakhala chete kungotsala kuwomba m'manja, kenako imayambanso. Ukamamvera umatopa ngati othamangayo ndiwe, ndipo ndikhulupilira kuti cholinga chake chinali chomwecho.

Chimene chimandigwira mtima ndi choti Nina Simone sanali munthu osowa anthu owaloza chala. Mu June 1963 Medgar Evers, omenyera ufulu wa anthu akuda ku America, anaphedwa ku Mississippi, mu September chaka chomwecho bomba linaphulika pa tchalitchi cha 16th Street Baptist ku Birmingham, Alabama nkupha atsikana anayi, ndipo iye anakwiya nkulemba Mississippi Goddam, nyimbo yotchula madera ndi maina awo osapsatira. Kuloza chala amakudziwa. Koma atafika pa nyimbo ya tsiku lachiweruzo sanakhale pampando wa oweruza, anadziika yekha mgulu la othawa. Ndipo izi sizinayambe ndi iye. Nyimbo ya Chilatini ya Dies Irae ya m'zaka za m'ma 1200, imene opeka nyimbo Mozart anaiika mu Requiem yake, nyimbo ya misa ya akufa, mu 1791 ndi Verdi mu 1874, nayo imayamba ndi lipenga, manda akutseguka, buku likutsegulidwa pamaso pa oweruza, zonse ngati nkhani ya anthu ena, kenako mwadzidzidzi olembayo akufunsa kuti nanga ine otsikatsikane ndidzanena chani poti ngakhale olungama adzapulumuka movutikira. Kuchokera pamenepo mbali yaikulu ya nyimboyo ndi pempho la munthu mmodzi.

Tsono mu 1977 Peter Tosh wa ku Jamaica anatulutsa chimbale cha Equal Rights, ndipo pamenepo pali Downpressor Man, imene ndi nyimbo yomwe ija koma ochimwa uja tsopano wapatsidwa nkhope, ndi opondereza anzake. Nyanja ikuwirabe, matanthwe akusungunuka, koma Tosh sathawa nawo ayi. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza chala chili pa munthu mmodzi, amene lero akumwa zakumwa zodula akuseka, ndipo akumuuza kuti tsiku limenelo sadzapeza omupatsa chiphuphu chifukwa ndalama sidzagwira ntchito. Palibe pamene oyimbayo akuti nanenso ndine ochimwa.

Alipo anthu amene atamva ziwirizi anganene kuti ya Nina Simone ndiye yakuya chifukwa muli kudzichepetsa, ya Tosh ndi yaukali chabe. Ine apa sindivomera. Tosh anali munthu oti apolisi anamumenya mobwerezabweza, ndipo mu 1978, patangopita miyezi ingapo atadzudzula andale pamaso pawo pa One Love Peace Concert ku Kingston, anamangidwa nkumenyedwa modetsa nkhawa ali m'manja mwa apolisi. Munthu otere akamayimba kuti opondereza adzasowa kothawira, kumuuza kuti ayambe wadziyang'ana yekha kaye ndi kuima mbali ya amene wagwira chibonga. Pali milandu ina imene ilidi ndi mbali imodzi yolakwa, ndipo nyimbo ili ndi ufulu onena choncho. Kapolo samagawana mlandu ndi amene anamugula. Mwana ozunzidwa samagawana mlandu ndi omuzunza. Ndimadana nako kumasulira kuja kofuna kuti nyimbo iliyonse yaukali ithere pa mawu oti tonse ndife ochimwa, chifukwa mawu amenewo olo ali oona amagwiritsidwa ntchito kwambiri kutseka pakamwa anthu amene ali ndi dandaulo lenileni.

Vuto limabwera pa ife omvera. Malo amene Tosh anaima anawalipira ndi thupi lake, koma nyimbo ikangotuluka aliyense amatha kuwabwereka ulere. Munthu wakangana ndi m'bale wake pa nkhani yoti onse awiri analankhula mawu oipa, akutenga nyimbo ya munthu oponderezedwa nkudziveka. Bwana amene amalalatira antchito ake tsiku ndi tsiku akuyimba nawo mgalimoto mokweza, mumtima akuganiza za mabwana a pamwamba pake. Sindikunena kuti anthuwa akunama dala, ayi, akumvadi kuwawa, ndipo nyimbo imakoma chifukwa imakuuza kuti kuwawa kwakoko kwaonedwa. Koma nyimboyo imadziwa mbali imodzi yokha ya nkhani yako, imene waiuza iweyo.

China chimene ndimayang'ana ndi choti amene adzabwezere ndi ndani. Mu nyimbo ziwiri zijazi oyimba alibe chida chilichonse m'manja, nyanja ikuwira yokha, thanthwe likukana lokha, chilango chikuchokera kwina. Ndi ganizo lomwe lili pa Aroma 12 vesi 19, loti musabwezere nokha, kubwezera ndi kwa Mulungu. Izi zimasiyanitsa nyimbo yachiweruzo ndi nyimbo yoopseza, imene oyimba akuti ndikupeza ndekha ndipo uona. Yoyambayo imathandiza munthu kutula mkwiyo penapake kuti asaphe munthu, yachiwiriyo imaunola. Komanso ndisabise, kusiyira zonse tsiku lomaliza kuli ndi ngozi yake, kumatha kumukhazika munthu pansi akudikira pamene amayenera kuima nkulankhula. Tosh izi amazidziwa, nchifukwa chake pa chimbale chomwecho pali Get Up, Stand Up, imene imatsutsa ganizo lodikira zabwino zakumwamba uku ufulu wako ukupondedwa pansi pano. Ukamvera nyimbo imodzi yokha osaona zoyandikana nazo utha kumunamizira oyimba zimene sananene.

Nthawi zina chimene oyimba wasiya ndi chimene chimakuuza zambiri. Nyimbo ya Rivers of Babylon, imene gulu la The Melodians linajambula mu 1970 ndipo Boney M inaitchukitsa dziko lonse mu 1978, yatengedwa pa Salimo 137, kulira kwa Ayuda ali ku ukapolo Yerusalemu atawonongedwa ndi Ababulo. Anthu amavina nayo pa zisangalalo, koma tsegulani salimolo muwerenge mpaka kumapeto. Mavesi awiri omaliza akudalitsa munthu amene adzabwezere Babulo zimene anachita, amene adzagwire makanda ake nkuwaphwanyitsa pathanthwe. Ndi mawu owopsa, ndipo sindikufuna kuwapaka mafuta, anachokera mkamwa mwa anthu amene anaona mzinda wawo ukuwotchedwa ndi ana awo akufa. Koma nyimboyo imaima pa vesi 4, pa funso lija loti tingayimbe bwanji nyimbo ya Ambuye m'dziko lachilendo, kenako m'malo mopitilira ku kubwezera imalumphira ku Salimo 19 vesi 14, pempho loti mawu a pakamwa ndi maganizo a mumtima akhale ovomerezeka pamaso pa Mulungu. Taganizani bwino pamenepo. Pamalo penipeni pamene salimo likupita kukatembelera mdani, oyimbawo anatembenuka nkupempha kuti pakamwa pawo ndi mitima yawo ziyang'aniridwe. Sanakane kuti anatengedwa ukapolo, sananene kuti Babulo ndi osalakwa, dandaulo lili pomwepo lonse, koma anaonjezera kuti ifenso olakwiridwafe tili ndi mtima oti utha kuola. Kwa ine uku ndiye kudzidziwa kovuta kuposa konse, kwa munthu amene akulondola pa mlandu wake koma akuopabe chimene mkwiyo ungamusandutse.

Palinso nkhani ya mawu a munthu, ndikutanthauza liwu lenilenilo ndi moyo umene uli kumbuyo kwake. Nyimbo yakale ya God's Gonna Cut You Down anaiyimba anthu ambiri, Odetta mu 1956, Elvis Presley anaitulutsa mu 1967 ndi dzina loti Run On, ndipo imatchula mndandanda wa anthu oti akauzidwe kuti Mulungu adzawagwetsa, abodza, otchova njuga, amiseche, oyendayenda usiku. Papepala ndi nyimbo yoloza chala basi. Koma Johnny Cash anaijambula kumapeto kwenikweni kwa moyo wake, anamwalira mu September 2003 ndipo inatuluka mu 2006 pa chimbale cha American V, ndipo aliyense odziwa mbiri yake amadziwa kuti munthuyu analimbana ndi mapilitsi osokoneza bongo zaka zambiri, anamangidwapo nawo ku El Paso mu 1965, banja lake loyamba linatha mkati mwa zomwezo, ndipo iye mwini sankazibisa. Nde liwu lokalamba lija likamawerenga mndandanda wa ochimwa sukumva mlaliki oyera akukalipira anthu, ukumva munthu amene akudziwa mndandandawo chifukwa anakhalamo, ndipo akudziwa kuti nthawi yake yothamanga yatsala pang'ono kutha. Sanasinthe mawu kuti anene kuti ine, sanafunikire kutero. Ichi nchifukwa chake sindikhulupilira kumasulira nyimbo pongowerenga mawu ake pa intaneti osaimvera, theka la tanthauzo limakhala mu mmene munthuyo akupumira.

Mwina wina anganene kuti basi nde nyimbo zabwino ndi zimene oyimba akudziweruza yekha. Apanso ndili ndi mantha anga, ndipo ndi aakulu kuposa oyamba aja. Kudzitcha ochimwa ndi kophweka kwambiri ngati sukutchula chimene unachita ndi amene unamuchitira.

Taonani Davide. Pa 2 Samueli 12 mneneri Natani akumuuza nkhani ya munthu olemera amene analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka munthu osauka, Davide akupsa mtima nkugamula kuti munthu ameneyo ayenera kufa, Natani nkumuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Ndi mmene nyimbo yachiweruzo yabwino imagwirira ntchito, imakusiya ugamule kaye kenako imakuonetsa nkhope. Salimo 51 limene mutu wake umati linabadwa pa nkhani imeneyi ndi nyimbo yakulapa yoposa zambiri, ndipo ndimalilemekeza. Koma pa vesi 4 likuti ndachimwira Inu nokha, ndipo ine ndikafika pamenepo ndimaganiza za Uriya, amene Davide anamulanda mkazi nkumutumiza kutsogolo kwa nkhondo kuti akafe, atanyamula yekha kalata ya imfa yake. Mu salimo lonse dzina lake mulibe. Akatswiri a Baibulo ali ndi mafotokozedwe awo a vesi limeneli ndipo ena ndi omveka, koma chimene ndaona ndi choti anthu ambiri amalikonda chifukwa limawalola kukonza nkhani ndi kumwamba osakagogoda pakhomo la amene anamulakwira.

Nkhani ya John Newton imandivutitsa chimodzimodzi. Amazing Grace, imene iye analemba, ndi nyimbo yodzidziwa imene dziko lonse limayimba, munthu akudzitcha otayika ndi wakhungu amene wapezedwa, ndipo anthu amakonda kuifotokoza ngati kuti ogulitsa akapolo anakumana ndi namondwe panyanja, analapa, nkusiya malondawo, nkulemba nyimbo. Zaka zake sizikugwirizana ndi nkhani yokomayo. Namondwe uja anali mu 1748, ndipo pambuyo pake ndi pamene Newton anakhala kaputeni wa sitima zonyamula akapolo kuchokera ku gombe la kumadzulo kwa Africa, mpaka 1754 pamene matenda anamuletsa kubwereranso panyanja. Ankawerenga Baibulo ndi kupemphera pamwamba pa sitima anthu ali omangidwa maunyolo pansi pake. Anadzozedwa ubusa mu 1764 nkukatumikira ku Olney ku England, nyimboyo anailembera ulaliki wa tsiku loyamba la chaka cha 1773, inasindikizidwa mu 1779, ndipo mulibemo liwu ndi limodzi lomwe lonena za akapolo. Munthu atha kuiyimba yonse ndi misozi osaganizako za munthu mmodzi amene anamupweteka, ndipo kwa zaka zambiri mwini wakeyo pagulu anali chete pa nkhaniyi.

Sindikunena izi kuti nyimboyo itayidwe. Zidzukulu za akapolo omwewo zinaitenga nkuisandutsa yawo, ndipo ine ndilibe mphamvu yowauza kuti analakwitsa. Chimene ndikukana ndi kuitenga ngati umboni oti munthuyo anali atadziona kale bwinobwino. Kudziona kwake kunadzaoneka mu 1788, patatha zaka 34 chisiyireni malondawo, pamene analemba kabuku kotchedwa Thoughts upon the African Slave Trade. Mmenemo mulibe mawu okoma oyimbika, muli kufotokoza mmene anthu ankapanikizidwira pansi pa sitima, maunyolo, fungo, imfa za tsiku ndi tsiku, nkhanza zimene akazi ankachitiridwa, ndipo akuvomera kuti iye anali mmodzi mwa ochita malondawo ndi kuti kuvomera kwakeko kwachedwa. Kabukuko kanatumizidwa kwa aphungu a nyumba ya malamulo ya Britain, ndipo iye anathandizana ndi phungu William Wilberforce pa nkhondo yothetsa malondawo, lamulo lake linadutsa mu 1807 chaka chomwe iye anamwalira. Anthu amene anawanyamula pa maulendo ake atatu monga kaputeni sanapindule kanthu ndi lamulolo, anali atagulitsidwa kalekale kutsidya kwa nyanja, ndipo nyimbo ija mpaka lero imayimbidwa kwambiri pamene kabukuko owerenga ndi ochepa.